Chitenje pa Nyale ya Paphiri

Nyale yofiira ya pamwamba pa phiri la ku Cape Town inayamba kusowa m'nyengo yozizira, ndipo chodabwitsa n'chakuti inkasowa usiku umene Yamiko ali m'ndege basi.

Yamiko anali wothandiza kaputeni pa ndege ya katundu yochokera ku Joni. Usiku wopanda mwezi phiri silioneka. Umangoona chibowo chakuda bii pakati pa magetsi a Cape Town, ndipo maso amakunamiza kuti ukadali pamwamba pomwe watsika kale. Nyale ija ndiyo inkamuuza pamene pali mwala.

Poyamba anangoti magetsi azima monga mwa masiku onse. Ulendo wina anaona timoto ting'onoting'ono tikuyenda mumdimamo, kenako n'kuzimira. Ulendo wotsatira, chiwongolero chili m'manja mwake, anatsika msanga. Makina ochenjeza anakuwa, kaputeni anakoka ndege mwamphamvu, mitengo n'kudutsa pafupi ndi mimba ya ndegeyo.

Amisiri anakwera phirilo masana, napeza nyale ilibe vuto. Anthu sasowa chonena: ena ankati mnyamatayo amamwa, ena ankanong'ona kuti Amalawi ali ndi zawo. Anamuimitsa ntchito podikira kafukufuku.

Mayi ake, a Estere okhala ku Mfuleni, dera la mumzinda womwewo, iye sanawauze zoti amuimitsa. Iwo anamuphunzitsa ndi ndalama zokolopa m'nyumba za azungu, ndipo iye, mwana wosayamika ngakhale dzina lake linali limenelo, ankauza anzake kuti mayi ake ali pa bizinesi. Chomwe ankawapatsa mayiwo ndi masiku ake oulukira okha.

Lachisanu, tsiku lomwe akanauluka, anakwera phirilo yekha. Mphepo inkalira m'tchire. Nyale inkaphethira kutsogolo kwake, kenako inazima iye akuiona. Mumdimamo munamveka kung'ung'udza, mawu ambiri otsika, ndipo anamva dzina lake likutchulidwa.

Anayatsa tochi. Anali amayi ovala zoyera, atagwada pamiyala. Pamtengo wa nyale panali makwerero, nyaleyo itakulungidwa chitenje chochindikala chomwe iye anachidziwa.

"Yamiko?" ananong'ona a Estere. "Nanga si uli kumwamba iwe?"

"Amayi, mwatani apa?"

"Tikukupempherera, mwanawe. Aneneri anati diso lofiirali ndi la mdani, limakuyang'ana ukamabwera. Ndiye timaliphimba mpaka udutse. Paja Lachiwiri unatsika pafupi kwambiri, tinachita kumva mphepo yako. Tinati watiwona, ukutipatsa moni."

Manyazi anamugwira, sanadziwe ngati ndi a mayi ake kapena a iye mwini, amene sanakhalepo nawo pansi kuwauza ntchito ya nyaleyo.

Chakumpoto kunamveka kulira kwa injini. Inali ndege yake, mnzake Lwitiko ali pampando wake. Yamiko anakwera makwerero, nalimbana ndi mfundo zomwe mayi ake anamanga ngati zoberekera mwana, mpaka chitenje chinang'ambika. Kuwala kofiira kunagwera pankhope za amayi aja. Ndege inadutsa pamwamba ndithu.

Lolemba akuluakulu a kampani anamufunsa ngati akudziwa chimene chinkazimitsa nyale. Akanena, abwerera kuntchito, apolisi n'kupita ku Mfuleni kwa mayi amene mapepala awo okhalira m'dzikolo anatha kale. Chitenje chinali m'chikwama, pamiyendo pake.

"Nyale inkayaka, bwana," anatero atazolika. "Ndine amene sindinaione."