Uta Wofika Pachibwano

Vânia ankakhala kufupi ndi Mualadzi. Ankakhala ndi amayi ake, a Eneles. Ankakhalanso ndi mlongo wake wakhanda, Zito.

Vânia ankafuna uta. Sankafuna nsapato. Sankafuna chidole. Ankafuna uta basi.

Abambo ake, a Bernardo, anali ndi uta. Ankalondera nawo munda. Anyani akangowaona, ankathawa.

A Bernardo ankakonda nthabwala. Tsiku lina anamuimika Vânia pafupi ndi ndodo. Ndodoyo inamufika pamphuno.

"Pamphuno," anatero a Bernardo. "Palibe kanthu. Ukula."

Kenako anaseka. Vânia anaseka nawo, osadziwa chimene akuseka.

Koma a Bernardo anadwala, ndipo anamwalira. Maliro atatha, abale awo anatenga njinga. Anatenga nkhwangwa. Anatenganso uta. Pakhoma panangotsala msomali.

Mvula inabweranso. Amayi ndi Vânia analima okha. Anabzala okha. Anapalira okha. Chimanga chinabereka bwino ndithu.

Koma mundawo unali m'munsi mwa phiri. M'phirimo munali anyani. Ndipo anyani a m'phiri limenelo, abale inu, ndi amwano.

Wamkulu wawo anali ndi mphuno yaitali. Vânia anamutcha Chimphuno.

M'mawa, Vânia ankalondera munda. Masana ankapita ku shikola kukaphunzira. Amayi ankatsala kumunda, Zito ali kumsana.

Vânia anamenya chitini. Anyani sanathawe.

Vânia anagenda miyala. Anyani sanathawe.

Vânia anakuwa mpaka mawu anasasa. Anyani sanathawe.

Chimphuno anangomuyang'ana. Anathyola chimanga. Anasenda. Anadya pamaso pake, uku akudzikanda pamimba.

Anyani saopa mwana. Saopanso mayi wobereka khanda. Amaopa uta.

Madzulo ena amayi anamuitana.

"Vânia, khala pansi, mwanangu."

Vânia anakhala pansi.

"Chimanga chikatha, sinditha kukudyetsani nonse awiri. Iwe udzapita ku Tete. Ukakhala ndi mkulu wanga, atitiya ako a Delfina."

"Ndidzabwerako liti, amayi?"

Amayi anangomukonza Zito kumsana.

Vânia sankafuna kupita ku Tete. Ku Tete kulibe amayi. Ku Tete kulibe Zito. Ku Tete n'kutali ndi manda a abambo.

"Ndipeza uta," anatero Vânia. "Chimanga sichitha."

Mnzake wa ku shikola, Nilton, anali ndi kauta ka nsungwi. Ankasakira nako abuluzi. Vânia anabwereka kautako.

M'mawa anyani anatsika m'phiri. Vânia anaika muvi. Anakoka. Anaponya.

Muvi unauluka pang'ono. Kenako unagwa pansi, ngati phesi.

Chimphuno anautola. Anaununkhiza. Anauluma pakati. Ndiye anautaya, n'kukathyola chimanga china.

Kauta kameneka n'kofooka. Si uta wa Vânia.

Tsiku limenelo anyani anamaliza mizere ya kuphiri. Vânia anatola zitsononkho. Mtima unamuwawa.

Vânia anapita kwa amalume ake, a Abrahamu. Iwo amadziwa kusema mauta. Anawapeza akunola mpeni pakhonde.

"Amalume, ndibwerekeni uta wanu."

"Uta wanga ndi umodzi, Vânia. Munda wanga ulinso ndi anyani ake."

"Mawa lokha, amalume."

A Abrahamu anapuma mpweya wautali. Anatenga uta wawo. Anauimika pafupi ndi Vânia. Utawo unapitirira mutu wake.

"Takoka tione," anatero.

Vânia anagwira nsinga, chingwe cha uta. Anakoka. Nsinga sinasunthe. Analuma mano. Anakokanso. Manja ananjenjemera. Nsinga inapulumuka, n'kumukwapula pamkono.

Mkono unatupa. Vânia sanalire. Misozi inangodzaza m'maso.

"Waona?" anatero amalume. "Uta sasankha waukulu. Amasankha wa msinkhu wako. Ukauimika pansi, uzikufika pachibwano."

Uta umenewu ndi waukulu. Si uta wa Vânia.

"Ndiye mundisemere wanga, amalume."

"Ndiseme chiyani? Mtengo wouma ndilibe."

"Mitengo ndi yambiri kuthengo."

"Ya kuthengo ndi yaiwisi. Uta timasema mtengo wa tenza. Timadula. Timauika padenga, pamwamba pa moto. Umauma ndi utsi pang'onopang'ono. Ukadula lero, uta ndi wa chaka chamawa."

"Chaka chamawa ndidzakhala ku Tete," anatero Vânia.

Amalume anayang'ana pansi.

Koma Vânia anali ndi makani. Makani ake anali a abambo ake enieni. Anatenga chikwanje cha amayi. Anapita kumtsinje. Anadula tenza wamuwisi. Anamanga chingwe cha khonje uku ndi uku.

Anauimika pansi. Unamufika pachibwano.

"Uwu ndiye wanga," anatero Vânia.

Anakoka kamodzi. Mtengo unapindika. Anakokanso. Unapindika kwambiri. Anasiya, koma mtengo sunawongoke.

Pofika m'mawa, chingwe chinali lende. Mtengo unali wokhota ngati nyanga ya mbuzi. Muvi sunauluke n'komwe. Unagwera pachala chake cha kuphazi.

Uta umenewu ndi wauwisi. Si uta wa Vânia.

Anyani anatsika onse. Anabwera ndi ana awo. Anabwera ndi azilamu awo. Anathyola, analuma, anataya. Nyani sadya n'kumaliza. Amaluma kamodzi, n'kuthyola china.

Vânia anathamangira uku. Anyani anapita uko. Anathamangira uko. Anyani anabwera uku.

Kenako Vânia anatopa. Anakhala pamzere. Analira, analira. Chimphuno anakhala pafupi naye, akutafuna.

Masana amayi anafika. Anayang'ana munda. Mapesi ambiri anali gone pansi. Theka la chimanga linali litapita.

Amayi sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangogwira pakamwa.

Madzulo amayi anayala kapulana, chitenje chawo, pamphasa. Anaikapo diresi ya Vânia. Anaikapo juzi. Anaikapo mabuku a ku shikola. Anamanga mfundo.

"Ndalankhula ndi wa mota, wa njinga yamoto," anatero amayi. "Abwera Loweruka. Akakusiya pokwerera shapa, kabasi ka ku Tete."

"Amayi, chimanga sichinathe."

"Chitha, mwanangu. Iwenso ukuona."

Vânia anayang'ana kapulana. Zinthu zake zonse zinakwana m'kamtolo kamodzi. Zito anakwawa, n'kuyamba kuyamwa mfundo. Iye sankadziwa kanthu.

M'mawa mwake kunagwa chimvula. Anyani sanatsike. Nawonso sakonda kunyowa.

Vânia anakhala m'kanyumba kophikira. Kunja kunali mdima. Mumtima mwake munalinso mdima. Za uta anazisiya. Anangoti, basi, ndapita.

"Vânia, koleza moto," anatero amayi. "Zito akufuna phala."

Nkhuni zonse zinali zonyowa. Vânia anauzira. Utsi wokhawokha. Anauziranso. Utsi wokhawokha. Maso anamuwawa.

Anayang'ana kumwamba. Padenga panali ndodo. Inali yakuda bii ndi mwaye. Inali youma gwa.

"Iyi ndiye iyaka," anatero Vânia.

Anakwera pamtondo. Anasolola ndodoyo. Mwaye unamugwera kumaso.

Anaiika pabondo kuti aithyole. Anakanikiza. Ndodo inapindika. Anasiya. Ndodo inawongoka.

Anakanikizanso ndi mphamvu. Ndodo inapindika. Anasiya. Ndodo inawongoka.

Vânia anadabwa. Nkhuni yanji yokana kuthyoka?

Anaipukuta ndi siketi. Ndodoyo inali yosalala. Pakati inali yonenepa. Kunsonga inali yowonda. Uku ndi uku kunali timipata tomangirira nsinga.

Mtima wa Vânia unagunda. Anaimika ndodoyo pansi. Anaima chilili pafupi nayo.

Inamufika pachibwano.

"Amayi," anaitana Vânia. Mawu ake anali aang'ono. "Amayi, tabwerani."

Amayi analowa. Anaona ndodo. Anaona Vânia. Anakhala pansi pomwepo.

"Anaiika ndi abambo ako," anatero amayi. "Anati ndisaikhudze. Kenako anadwala. Ine n'kuiwaliratu."

"Inkandifika pamphuno, amayi."

"Inde, mwanangu."

"Anati ndikula."

"Inde. Wakula."

Amayi analira. Vânia analira. Zito anaona onse akulira, nayenso analira. Moto wa phala anakapala kwa amake a Nilton.

Mvula itakata, Vânia anathamangira kwa amalume. A Abrahamu anagwira ndodoyo. Anaitembenuza. Anaigogoda ndi chala.

"Tenza," anatero. "Dzanja la alamu anga ili. Anasema n'kumaliza. Kwangotsala nsinga."

Amalume anatenga nsinga ya chikopa. Anamanga uku. Anapinda ndodo pabondo. Anamanga uko. Ndodo yakuda ija inasanduka uta.

"Takoka tione," anatero.

Vânia anakoka. Nsinga inabwera. Inabwera mpaka patsaya. Manja sananjenjemere.

Uta umenewu si wofooka. Si waukulu. Si wauwisi. Ndi uta wa Vânia.

Amalume anamupatsa mivi ya bango. Kunsonga kwake kunali mitu ya mtengo, yobulungira.

"Iyi siipha," anatero. "Koma imawawa."

Anaika dzungu pachitsa. Vânia anaponya. Anaphonya. Anaponyanso. Anaphonyanso. Muvi wina unadutsa pafupi ndi tambala wa amalume. Tambala anathawa akudandaula.

Vânia anaponya mpaka dzuwa linapendeka. Dzungu analilasa kamodzi kokha.

"Patali sinditha, amalume," anatero Vânia. "Ndipo mawa ndi Loweruka."

"Nanga Chimphuno wakoyo amakhala patali?"

Vânia anaganiza. Ayi. Chimphuno sakhala patali. Amamuderera. Amadyera pafupi penipeni.

Loweruka m'mawa Vânia analawirira kumunda. Anakhala pamzere. Uta anaubisa m'masamba a maungu.

Anyani anatsika m'phiri. Chimphuno anali patsogolo. Anayenda monyada, ngati munda ndi wake. Anafika pafupi ndi Vânia. Anathyola chimanga. Anamupatsa msana.

Vânia anaimirira. Anaika muvi. Anakoka mpaka patsaya. Anasiya.

Phaa! Muvi unamenya Chimphuno pathako.

Chimphuno analumpha. Anakuwa. Anataya chimanga. Anatembenuka, n'kuona uta.

Vânia anaika muvi wina.

Chimphuno sanadikire. Anathamanga dzanja lili kumbuyo. Ana ake anathamanga. Azilamu ake anathamanga. Phiri lonse linamva kulira kwake.

Patapita nthawi anyani anasuzumiranso pamiyala. Vânia anangokweza uta. Mitu yonse inabwerera.

Amayi anafika, Zito ali kumsana. Anayenda m'mizere. Anagwira chimanga ichi. Anagwira chimanga icho. Sanapeze chothyoledwa chatsopano, koma chimodzi chokha.

Kumsewu kunamveka mota. Wa mota anaima. Analiza belu.

Vânia anagwira uta wake zolimba. Anayang'ana amayi.

Amayi anayang'ananso munda. Anauyang'ana nthawi yaitali.

"N'chochepa," anatero amayi. "Nkhokwe sidzadzaza. Tidzadya mosinira."

"Ine ndizidya pang'ono, amayi."

"Ayi. Tizidya pang'ono tonse atatu."

Amayi anapita kumsewu. "Pepani, achimwene," anatero kwa wa mota. "Mwanayu sapita. Ali ndi munda wolondera."

Madzulo amayi anamasula kapulana. Diresi inabwerera pachingwe. Juzi inabwerera pachingwe. Vânia anamasula nsinga, monga anamuuzira amalume. Anapachika uta pamsomali wa abambo uja.

Kenako anatuluka ndi chikwanje. Anabwerako ndi tenza wina wamuwisi.

"Wina wachiyani?" anafunsa amayi.

Vânia anamuimika Zito, atamugwira m'khwapa. Anaika ndodo pafupi naye. Ndodoyo inapitirira mutu wa Zito kutali.

"Palibe kanthu," anatero Vânia. "Ukula."

Zito anaseka, osadziwa chimene akuseka.

Vânia anakwera pamtondo. Anaika ndodoyo padenga, pamwamba pa moto.