Zigoba za Nkhono pa Nazale ya Goodness

Inu, nkhani ya Lefina wa ku Lukwa musakaimvere kwina, ndikuuzeni ndine!

Anakumana ndi Samsoni kudambo, aliyense atanyamula makheni othirira nazale ya fodya. Samsoniyo anali mwana wa tenanti wa pa esiteti, wakuda bii, mano mbee.

"Achemwali, bweretsani ndikunyamulireni," anatero. "Manja okongolawo angakhakhale."

Basitu mtima wa Lefina unapita pomwepo. Poti Lefinayo analibe foni, anapangana chizindikiro. Samsoni akasiya chigoba cha nkhono patsinde pa mzati wa mpanda wa nazale ya Lefina, ndiye kuti akumane pachitsime akaweruka.

"Ndiwe wekha, duwa langa. Wina sindimuonanso!" ankatero Samsoni.

Koma Loweruka lina mnzake wa Lefina, Feggie, yemwe ankadziwa za chizindikirocho, anafika ali wefuwefu.

"Iwe Lefina, ukugona! Kaone pa nazale ya Goodness, mtsikana wa kutsidya uja. Zigoba mbwee pamzati! Iwe amakusiyira chimodzi, mnzako mulu wonse!"

Lefina anapita, anadzionera yekha. Misozi chuchuchu! Kodi amuna onse ndi otere? Anabwereka foni ya Feggie n'kulemba: "Samsoni, usandifunenso. Nkhono zako uzikapatsa Goodness."

Yankho linabwera pompo: "Goodness wake uti, wokondedwa? Ndalakwanji?"

 Lefina anatha masiku atatu osadya bwino.

Tsiku lachinayi analawira n'kubisala m'bango pafupi ndi nazale ya Goodness kuti amugwire yekha Samsoniyo. Dzuwa litatuluka, mukudziwa anabwera ndani? Chimbalame chonga kabawi, mlomo wokhota ngati mbedza, nkhono ili kuzikhadabo! Chinatera pamzati wa Goodness, n'kukolowola nyama yonse, chigoba pansi gwa! Chinauluka, chinabweranso ndi ina. Gwa!

Lefina anaseka mpaka kukhala m'matope. Samsoni, yemwe amatunga madzi chapafupi, anathamanga.

"Lefina, wadwala?"

"Taona mkazi mnzanga uyo, ali ndi mapiko!" anatero akuloza, kenako anafotokoza zonse, uku akuseka uku akulira. "Pepa, Sam wanga."

Samsoni anagwira m'chiuno.

"Ndiye ine ndaonda masiku atatu chifukwa cha mbalame? Ayi, zobisalazi zithe. Lamulungu amalume anga akubwera kudzaonana ndi amalume ako."

"Lamulungu lake lomwe lino?"

"Lomwe lino. Ukawauze amayi asese pabwalo."