Tayi Yofiira ndi Geti Lakumbuyo

Anakumana pa siteji ya basi Lolemba m'mawa. Mkaziyo anali atakolekera chikwama chachikulu paphewa, mwamunayo ali mu tayi yofiira ndi nsapato zoti munthu n'kudzionerapo nkhope.

"Pepani achemwali, basi yadutsa kale?"

"Ikanadutsa bwenzi ndili pano?"

"Ndiye mwayi ndi wanga," anatero mwamunayo akumwetulira.

Mkaziyo anakopeka naye pomwepo! Koma atafunsidwa kumene amagwira ntchito, lilime linaterereka. "Ku kampani ya mipando. Ndimayankha mafoni."

Bodza lenileni! Chuma chitavuta, kampaniyo inamuchotsa ntchito pamodzi ndi anzake makumi anayi. Tsopano, ndi zaka zake makumi atatu, anali atabwerera ku koleji kukaphunzira kukonza mafiriji. Koma akanamuuza bwanji bwana wa tayi kuti m'chikwamamo muli ovololo ndi pulayazi?

"Ine ndili ku inshulansi, nyumba yagalasi ija pafupi ndi banki," anatero mwamunayo.

Kuyambira tsikulo ankakhala mpando umodzi. Mkaziyo anamupatsa dzina loti a Tayi. Ankatsika msanga koleji isanafike n'kumalizitsa wapansi, a Tayi n'kupitirira ndi basi akubayibitsa pawindo.

Ikakwana teni koloko, foni inkanjenjemera. "Dona wanga, misonkhano yandichulukira, koma m'mutu muli inu nokha."

Iye ankabisala kuseri kwa firiji n'kuyankha ndi zala za girizi: "Kunonso mafoni akungolira, koma ine ndikudikira yanu."

Tsiku lina m'basi a Tayi anamugwira dzanja. "Shuga wanga, pakati pa ine ndi inu palibe chobisa. Chaka chino chisanathe, ndikaonekera kwanu."

Mawuwo anamukomera mkaziyo, komanso anamubaya. Banja lingayambe ndi bodza? Lachisanu masana analimba mtima, nanyamuka ali mu ovololo kuti akaulule zonse ku ofesi kwa a Tayi.

Anapeza geti lomangidwa ndi tcheni, udzu utamera pamasitepe.

"Pano anatseka kalekale, mayi," anatero mlonda. "A tayi yofiira aja? Anachotsedwa ntchito ndi gulu loyamba."

Nanga m'mawa uliwonse munthuyu ankatchenera ndani? Ankapita kwa mkazi wina? Analemba misozi ikugwera pafoni: "Ndafika ku ofesi kwanu. Musandiimbirenso."

A Tayi anaimba kakhumi, iye osayankha. Mkaziyo anasintha ndi basi yomwe, n'kumakwera yam'mamawa.

"Iwe, ukulirira bodza la mnzako, lako waliika pati?" anamufunsa mkulu wake.

"Langa ndi laling'ono!"

"Ehe? Unaliyeza ndi chiyani?"

Mtima unkamuwawabe mkaziyo. Ankamusowa munthuyo koopsa.

Patapita masabata awiri, mpope unaphulika m'chipinda chomwe mkaziyo ankaphunziriramo. Madzi ponseponse! Aphunzitsi anatumiza uthenga kwa ophunzira zamipope, ndipo mmodzi analowa mothamanga n'kukwawira pansi pa sinki. Madzi atasiya, anatuluka chafutambuyo atanyowa yense, sipanala ili m'manja. Pakhosi pa ovololo yake pankasuzumira tayi yofiira.

Maso anaphana.

"Misonkhano ija ndi imeneyi?" anafunsa mkaziyo.

"Nanga mafoni aja ndi mafirijiwa?"



"Ndinkatsika siteji yotsatira n'kulowera geti lakumbuyo la koleji ino," anatero a Tayi akadali chigwadire m'madzi. "Ndinkaopa kuti dona wa mu ofesi sangamuyang'ane kawiri munthu wa mipope."

"Ine ndinkalowera lakutsogolo, kuopa tayi yanuyo! Ndiye mukuivaliranjibe?"

"Ndimakudikiranibe pa siteji m'mawa uliwonse. Ndimati mwina popanda tayi simungandizindikire."

Mkaziyo anafuna kukwiya, koma chimene chinatuluka ndi chiseko, misozi ili mbwee. Miyezi inayi yathunthu akutumizirana mameseji, kumachita kusiyana khoma limodzi lokha!

"Lonjezo lija lilipobe?" anafunsa akupukuta maso ndi mkono wa ovololo.

"Lilipo, dona wanga. Koma ndibwera wopanda ntchito, wopanda ofesi."

"Bwerani ndi sipanala," anatero akumudzutsa m'madzimo. "Mpope wa kwathu ukudontha."