Zikhomo za Tenti ya Amayi

Matenti a masiku ano ndi aulesi. Loweruka lapitali mkulu wina anaima pawindo kuonerera achinyamata a mpingo akukonzekera ulendo wa kumsonkhano. Mtsikana wina anangoponya chithumba m'mwamba, chithumbacho n'kutambasuka chokha kukhala tenti. Mkuluyo anaseka yekhayekha m'chipinda chimene wakhalamo chimwalirireni mkazi wake, kutali ndi kwawo. M'masiku ake tenti inali chinsalu cholemera chonyamula amuna anayi, ndipo inkaima ndi zingwe ndi zikhomo zachitsulo.

Nthawi imeneyo anali wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo anthu ankangomutcha Wamtali. Kwawo kunali kwabwino. Bambo ake anali atelala, mayi ake ankaimba kwaya, ndipo palibe ankagwira chakudya asanapemphere. Chaka chimenecho atelala anasoka tenti yaikulu ya amayi a mpingo, miyezi itatu akupalasa makina pakhonde. Kumsonkhano wa patchuthi kunkabwera mipingo yambiri, ndipo kanali koyamba kuti anthu akunja aone ntchito ya manja awo.

Tsiku lonyamuka bambo ake anamuitana. "Tenti ya anyamata ili m'manja mwako. Thumba la zikhomo zake lili kuseri kwa chitseko. Wamva?"

"Ndamva, bambo."

"Kumva umamva," anatero mayi ake akumanga mabulangete. "Vuto ndi miyendo."

Lole inawatsitsa pabwalo lalikulu la udzu. Anthu anali piringupiringu, nyimbo uku, nyundo uku, abusa akuthamangitsa chipewa chawo. Amuna anadzutsa tenti ya amayi, ndipo alendo anayamba kubwera kudzasisita misoko yake n'kumafunsa kuti wasoka ndani. Atelala ankangoyang'ana pansi, koma mano onse ali pamtunda.

Wamtali atapita kukamanga ya anyamata anapeza kuti alibe zikhomo. Thumba lija analisiya kuseri kwa chitseko.

Ofesi ya msonkhano inkabwereketsa zikhomo, koma inali kutsidya kwa bwalo, mzere wake wautali. Komanso pansi pa mtengo kwaya inali itayamba kuyeserera, ndipo kutsogolo kunaima mwana wa akalipentala, mtsikana amene pambuyo pake anadzakhala mkazi wake. Tsiku limenelo n'kuti asanamuyankhulepo n'kamodzi komwe.

Mnzake wina, Wamluzu, anamukoka malaya. "Iwe, ukapita kumzere uko ukabwerako uli ndi imvi. Tenti ya amayiyo zikhomo zachita kuchuluka. Zula apa, dumpha apa, zula apa."

"Kumeneko si kuba?"

"Kuba bwanji? Wasoka si bambo ako? N'zapabanja izi, achimwene."

Anazula za mbali yakumbuyo, zingwe n'kuzisomeka mu udzu kuti zizioneka zomangika. Posakhalitsa tenti ya anyamata inaima nji, ndipo Wamtali anakapeza malo abwino pansi pa mtengo.

Masiku awiri anadutsa bwino. Ankaimba, kusewera mpira, kutsuka mbale mopikisana. Kawiri konse anaganiza zopita kuofesi kuja, kawiri konse anati mawa.

Tsiku lachitatu masana, amayi akupumula m'tenti mwawo, kunabwera chimphepo. Chinsalu chinatukuka kumbuyo, mzati wapakati n'kupendekeka, tenti yonse n'kugwa khu! Pansi pake panamveka phokoso losaneneka. Amayi a mbusa anatulukira chokwawa, nsapato imodzi kumanja. Wina ankaimba nyimbo ya maliro, wina akukuwa kuti amuchotse mwendo pakhosi. Anyamata anagwa nako kuseka.

Kusekako kunatha pamene anatulutsa mayi ake a Wamtali atagwira dzanja. Mzati unawathyola pamkono.

Anthu anaunjikana mozungulira atelala. "Ntchito yanji imeneyi?" anatero mkulu wa mpingo wina. "Munthu wosoka mabatani mwamupatsa bwanji tenti? Mukanatiphera akazi athu!"

Atelala anapita pa chinsalu chija. Anagwada n'kumayendetsa chala pamsoko uliwonse, kufuna pamene analakwitsa.

Wamluzu ananong'ona, "Khala chete. Mphepo ilibe mboni."

Wamtali anayang'ana msana wa bambo ake uli chiweramire. Anapita kutenti ya anyamata, nazula zikhomo zonse, tentiyo n'kugwa anthu akuona. Anabwera nazo m'manja n'kuziika pamapazi pa abusa.

"Misoko ilibe mlandu. Ndinazula ndine. Ndinaiwala zanga, ndipo ndinachita ulesi kukabwereka."

Atelala anadzuka, napukuta mawondo. "Tenga nyundo," anatero. "Ukhome chimodzichimodzi, ine ndikuona."

Anakhoma mpaka manja kutuluka matuza, mpingo wonse ukumuyang'ana. Mwana wa akalipentala anabwera ndi kapu ya madzi. "Imwani, a Zikhomo," anatero. Amenewo ndiwo anali mawu ake oyamba kwa iye, ndipo anamutcha choncho zaka makumi anayi.

Dzina la atelala linayera, ndipo mipingo iwiri inawapatsa ntchito chaka chomwecho. Koma mkono wa mayi ake sunabwererenso mwakale. Mpaka imfa yawo ankakanika kufinya zovala, ndipo kukazizira ankausisita osanena kanthu. Anamukhululukira tsiku lomwelo, koma Wamtali ankauona mkonowo tsiku lililonse.

Ana inu, ulesi suyenda wokha. Umakutumani kukaba, kuba n'kukuphunzitsani kubisa, ndipo wopwetekayo nthawi zambiri sakhala inu, amakhala amene amakukondani. Mukalakwa nenani msanga, Mulungu ndi anthu asanachite kukufunsani.

Onse amene anali pabwalo lija anapita, watsala ndi mkuluyu, ndipo zala zake sizigwiranso cholembera. Mdzukulu wake wamkazi atabwera Lamlungu kudzamuona, anamugwira dzanja. "Mayi wanga, upeze kope. Wina alembe nkhaniyi ndikadali ndi mawu. Ndipo polemba usandikometse ayi, ulembe kuti ndinazula ndine."