Zala Zitatu za Madzi

Mtembo anauvuula Lamulungu nthawi ya 7:40 m'mawa, pafupi ndi chipata cha madzi, kumapeto kwa ngalande yodutsa m'munsi mwa mapiri a Mphunzi. Chifunga cha mu Julaye chinali chisanachoke. Inspekitala Magadalena Kanyumbu, amene anafufuza milandu ku Dedza kwa zaka makumi awiri, anaima pamtunda atatseka mphuno ndi mpango. Fungo analizolowera. Chimene chinamunyansa ndi anthu a tsidya linalo, mafoni ali m'mwamba, akujambula mtembo ngati akujambula akwati.

Womwalirayo anali a Gerevazio, bambo wa zaka 61, amene ankagawa madzi kwa alimi a m'dambomo. Kunkhongo kwawo kunali bala lalikulu. M'chiuno munali mutamangidwa chitsulo chopukusira chipata, chomwe ankayenda nacho kulikonse.

Chapafupi panali bwato lalitali, lopapatiza, lopentedwa mobiriwira, maluwa ali m'zitini padenga. Mwini wake, a Norbert Malikebu, anakhala ku England zaka khumi ndi zinayi akusamalira okalamba, ndipo kumeneko anaona mabanja akuchita tchuthi m'mabwato otere, kugona ndi kuphika momwemo. Atabwera kwawo anakulitsa ngalande yakale yochokera kudamu, makilomita awiri, nawotcheretsa bwato ku Lilongwe. Poyamba anthu ankaseka kuti bwato kuphiri lidzayenda ndi miyendo. Tsopano mabanja a m'tauni ankachita kulimbirana masiku.

Banja limene linagona m'bwatomo linali la a Dalton, a ku Lilongwe. Akazi awo ndi amene anaona phazi m'bango akutsuka makapu.

"Tinafika dzulo 9 koloko," a Dalton anauza Magadalena. "Kunyumba ana anga atatu sayankhulana, aliyense ali pafoni yake. Koma dzulo anaseka tsiku lonse, kulandirana chiwongolero, kuwerenga mbalame. Bwato limayenda ngati munthu wapansi, simuda nkhawa ndi ngozi. Chaka chino ndi koyamba kudyera pamodzi tonse asanu." Anayang'ana m'madzi. "Wamng'onoyo anasambira. Anasambira pomwepa."

Magadalena analemba zonse.

A Norbert anamulandira ndi tiyi m'kapu yamaluwa, tiyi amene iye sanamukhudze. Anati Loweruka anadzuka 7 koloko kunyumba kwawo, ndipo a Gerevazio sanawaone.

"Anthu a kuno amaphana chifukwa cha madzi, mayi," anatero akupukusa mutu. "Funsani za Petulo. Ine andiwonongera dzina la malo anga."

Pofika 10 koloko a Petulo anali kale m'manja mwa apolisi. Anali mlimi wa mbatata ya kachewere, ndipo Lachinayi pamsika wa Chimbiya, anthu akumva, anauza a Gerevazio kuti tsiku lina adzawamiza m'ngalande momwemo. Pakhasu lawo panapezeka magazi.

Lolemba nthawi ya 8:15 Magadalena anakhala nawo m'chipinda chofunsira mafunso.

"Munanenadi kuti mudzawamiza?"

"Ndinanena, bwana. Unali mkwiyo. Anandidumpha kawiri pa tsiku langa la madzi, mbatata ikufota ndikuona. Koma tinamvana kuti Loweruka madzi ndi anga."

"Loweruka 5 koloko munali kuti?"

"Kudimba, kudikira. Madzi anabwera ndithu, mphindi zochepa, kenako zii. Ndinati andipusitsanso. Ndinaopa kupita kuchipata, ndikanakamenyana nawo. Ndinabwerera kunyumba."

"Anakuonani ndani?"

"Palibe."

"Nanga magazi apakhasu?"

"A mfuko, bwana. Ikundithera mbatata."

Zotsatira za magaziwo zinali zoti zidzatenga masabata. Dokotala yekha anali atamaliza: a Gerevazio anamenyedwa ndi chinthu cholimba Loweruka pakati pa 5 ndi 6 koloko m'mawa, ndipo m'mapapo mwawo munali madzi. Analowa m'ngalande akupuma. Mkulu wa apolisi, bwana wa Magadalena, anawerenga pepalalo ataimirira, nati mlandu watha, Petulo akaonekere kukhoti Lachiwiri 9 koloko. Magadalena ankadziwa tanthauzo lake. Munthu wosauka akalowa pa mlandu wakupha amatha zaka kundende mlandu usanayambe n'komwe, ndipo a Petulo anali ndi ana asanu.

Masana a tsikulo, 2:30, anabwerera ku Mphunzi. Sanapite kubwato. Anatsata kangalande kakang'ono kochoka pachipata kupita kumadimba, mpaka kumunda womalizira, kumene anapeza mayi wachikulire, a Agatha, akuthirira kabichi ndi ndowa.

"Inu ndi apolisi aja mwatsekera Petulo?" a Agatha anafunsa osaweramuka. "Mwagwira wolakwika."

"Mukudziwa bwanji, mayi?"

"Loweruka kuno kunalibe ndi dontho lomwe. Kangalande aka kanauma gwa mpaka dzulo. Ine ndakalambira muno, sindinazionepo."

"Si kuti chipata chinali chotseka?"

A Agatha anaika ndowa pansi, nam'yang'ana ngati mwana wofunsa zopusa.

"Chipata chathu sichitsekedwa chonse. Potseka umasiya zala zitatu pansi." Anaonetsa zala zawo zamatope. "Amenewo ndi madzi a akumunsi, omwa ng'ombe, ochapira, ndi a ife otsiriza. Kaya kuli maliro, kaya anthu amenyana dzulo lake, zala zitatu zimatsala. Mwana wa muno amazidziwa asanayambe sukulu. Petulo ndi waukali, inde, koma mayi ake omubereka amatunga pamenepa. Dzanja lake silingapukuse mpaka pansi. Komanso apukusa ndi chiyani? Zitsulo zilipo ziwiri basi, cha malemu ndi cha bambo wa bwato."

Magadalena anatsegula zithunzi zimene iye mwini anajambula Lamulungu. Chipata chinali chitakhala pansi penipeni, popanda mpata wolowa ndi tsamba lomwe. Anadzikwiyira. Anachiyang'ana chipatacho kwa ola lathunthu dzulo lake osaona kanthu, chifukwa anakulira pa Boma, kumene madzi amatuluka pampopi.

Anaimbira a Dalton.

"Chipata? Ee, a Norbert anationetsa titangofika," anayankha. "Chinali chotseka, madzi ali thothotho. Anaphunzitsa ana kuti ku England lamulo loyamba la m'ngalande ndi kutseka chipata chonse, osasiya mpata. Mwana wanga anafuna kugwira chitsulo chopukusira, koma anamukaniza. Anati chikadali chonyowa, angochitsuka."

Chitsulocho Magadalena anachipeza 4:50 madzulo, chitapachikidwa pamsomali m'bwato, pafupi ndi makapu. Chinali chotsukidwa bwino, kupatula polumikizira chogwirira, pomwe panakanirira tsitsi laimvi.

Lachiwiri nthawi ya 7:10 m'mawa a Norbert anakhala pampando umene a Petulo anakhalapo. Anabwera atavala jekete ndi tayi, akuganiza kuti adzasaina umboni. Magadalena anaika chitsulo patebulo, chili m'pepala la pulasitiki.

"Chipata chikatsegulidwa, bwato lanu limatani?"

"Madzi amatsika pang'ono."

"Pang'ono bwanji?"

A Norbert anakonza tayi. "Limakhala pamatope. Mpaka madzulo."

"Loweruka a Gerevazio anatsegula 5 koloko, madzi anafika kudimba kwa a Petulo. Patapita mphindi zochepa wina anatseka. Chitsulo cha a Gerevazio chinali m'chiuno mwawo, pansi pamadzi. Chotsala ndi ichi. Ndipo wotsekayo anapukusa mpaka pansi, chinthu chimene munthu wa m'dambo lija sangachite ngakhale ataledzera. Munabadwira ku Mphunzi, a Malikebu. Munaiwala zala zitatu?"

A Norbert anayang'ana chitsulocho. Atayamba kulankhula, mawu awo anali a munthu wodandaula kuti ena samumvetsa.

"Ndinawapempha. Lachisanu ndinawapempha kuti adikire mpaka Lolemba, masiku awiri okha. Anati mbatata ya Petulo singadikire. M'mawa ndinamva madzi akusefukira, ndinathamanga. Ndinawapeza atatsegula kale, akumanga chitsulo m'chiuno. Ndinati, achimwene, kukubwera banja la ana atatu, ndiwauza chiyani? Anaseka. Anati ana a m'tauni akwere ngolo. Anatembenuka kuti azipita. Ndinawamenya kamodzi kokha."

"Anagwera m'madzi?"

"Anagwera pamtunda."

"Ndiye analowa bwanji m'ngalande?"

"Ndinawakankhira. Ndinawapanikiza m'bango ndi mtengo wokankhira bwato."

"Dokotala akuti ankapuma."

"Ankabuula," a Norbert anatero motsitsa mawu. "Koma chipatala chili kutali, mayi, ndipo alendo amafika 9 koloko. Ndinali ndisanayale mabedi."

Magadalena anasiya kulemba. Anamvapo zifukwa zambiri zophera munthu, nsanje, malire a munda, mowa, koma chotere anali asanachimvepo. Anaganiza za kamwana kaja kakusambira, bambo ake akuwomba m'manja, ndi munthu uyu ali chilili padenga la bwato akumwetulira.

"Munawalola ana kusambira pamenepo."

"Ndikanawakaniza akanafunsa chifukwa." Anawerama, kenako anadzutsa mutu. "Inu simukumvetsa. Mabanja amafika pano osayankhulana, amachoka atagwirana manja. Ndani wina wachita zotere ku Dedza kuno? Zaka khumi ndi zinayi ndikusambitsa azungu okalamba kuti ndidzamange chinthu chokongola kwathu. Ndichisiye chife chifukwa cha mizere khumi ya mbatata?"

"Ndipo a Petulo akafere kundende m'malo mwanu."

"Petulo anachita kunena yekha pamsika. Ine ndinangokukumbutsani."

Magadalena anawapatsa pepala kuti asaine. Anayang'ana wotchi, inali 8:05. Anatsegula chitseko nauza wapolisi wa pakhonde kuti dzina la a Petulo lichotsedwe pa mndandanda wa opita kukhoti, awabwezere lamba ndi nsapato zawo, ndipo galimoto ikawatule ku Mphunzi.

Magadalena atabwerera kudzatenga chitsulo chija, a Norbert anali atasaina, manja ali m'unyolo. Anamuyang'ana mwaulemu.

"Pepani mayi, funso limodzi lokha. Loweruka likubwerali kukubwera banja lina la ku Blantyre, la ana anayi. Mungawaimbire kuti asinthe tsiku? Musawauze chifukwa chake."

Magadalena anatuluka, anafika kuseri kwa ofesi, nalavula.