Magalasi a Timba ndi Timagetsi Toyimba

Uyu ndi Timba. Si dzina lake lenileni. Amangomutcha choncho kunyumba. Ndi wamng'ono ngati kambalame. Koma pakamwa, ee, sagonja!

Timba ankafuna chinthu chimodzi. Chimodzi chokha. Ankafuna magalasi a maso.

Za pafupi ankaona bwino. Koma za patali zinkangooneka mbuu. Mitengo inali mbuu. Magalimoto anali mbuu. Kusukulu, zilemba za pa bolodi zinali mbuu.

Timba ankatsinzina diso ili. Ankatsinzina diso ilo. Sizinkathandiza. Mutu unkamupweteka. Masamu ankalakwa, chonsecho ankawadziwa. Zinkamunyansa kwambiri!

Dokotala anamuyeza maso. Magalasi anakonzedwa. Ankangomudikira ku shopu ya magalasi. Amayi anasunga ndalama miyezi yambiri. Tsopano zinakwana. Zinakwana ndendende, osatsala ngakhale ya siwiti.

Koma panali vuto. Inali nyengo ya chikondwerero. Amayi anali oluka tsitsi. Tsiku limenelo pakhonde panali podzaza. Aliyense ankafuna kutchena. Amayi sakanatha kuchoka.

Ndiye wopita ndi Timba anali ndani? Anali Bambo. Mayo ine!

Bambo anali munthu wabwino. Ankakonza njinga. Ankakonda kuseka. Koma akangoona zonyezimira, nzeru zinkawathawa.

Chaka chatha anagula zipewa zisanu ndi chimodzi. M'nyumba muli mitu itatu yokha. Mitu itatu, zipewa zisanu ndi chimodzi! Anagulanso malipenga a pulasitiki. Onse anasweka tsiku lomwelo. Zonsezo zinali m'katoni, pansi pa bedi.

Amayi anaika ndalama mu envelopu. Anaika envelopu m'thumba la malaya a Bambo. Kenako anatseka thumbalo ndi pini.

"Bambo a Timba," anatero Amayi, "shopu akutseka masana ano. Akatseka, atseka masabata atatu. Sukulu idzayamba iwo asanatsegule."

"Musadandaule, mayi," anatero Bambo. "Ndine munthu wamkulu ine."

Amayi anangoti, "Hmm." Azimayi a pakhonde anaseka.

Amayi anawerama. Ananong'oneza Timba. "Uwagwire dzanja bambo akowa. Usawataye."

Timba anawagwira dzanja. Ananyamuka.

Mumsewu waukulu munali piringupiringu. Uku nyimbo. Uku mahutala. Uku ogulitsa akukuwa. "Zotchipa! Zotchipa! Zachikondwerero!"

Sanayende mtunda wautali. Bambo anaima.

"Timba, taona mabaluniwo! Lina lili ngati nsomba!"

Timba anayang'ana. Sanaone nsomba. Anangoona zofiira mbuu.

"Bambo, magalasi," anatero Timba.

"Ndingoona chabe, mwanangu."

"Mwaona. Tiyeni."

Timba anakoka. Bambo anatsatira. Koma khosi linatsalira kumbuyo.

Anayenda pang'ono. Bambo anaimanso. Apa panali mayi wogulitsa zipewa. Mayiyo anali wochangamuka. Sanafunse. Anangowaveka Bambo chipewa cha timabelu.

"Eee, bwana, chakukhalani!" anatero mayiyo. Anawapatsa kalilole.

Bambo anapendeketsa mutu uku. Timabelu tinalira. Anapendeketsa mutu uko. Timabelu tinaliranso. Dzanja lawo linayamba kukwawa. Linkakwawira kuthumba.

Timba analigwira ndi manja awiri.

"Bambo, kunyumba zilipo zisanu ndi chimodzi!"

"Zija zilibe timabelu."

"Bambo! Magalasi!"

Bambo anavula chipewa. Anachibweza pang'onopang'ono. Anachitsanzika ndi maso.

Timba anausa moyo. Abale inu, ntchito yake imeneyi! Bola kukoka mbuzi pa chingwe.

Tsopano Timba anafulumira. Ankakoka, osayang'ana kumbali. Mwadzidzidzi, gu! Anawombana ndi mayi wamtali wovala diresi.

"Pepani, mayi," anatero Timba. "Sindinakuoneni."

Mayiyo sanayankhe. Sanagwedezeke n'komwe.

Bambo anaphulika kuseka. "Timba, si munthu ameneyo! Ndi chidole choonetsera zovala!"

Timba sanaseke. Analuma mlomo. Anakokanso dzanja la Bambo.

Dzuwa linkakwera. Shopu ya magalasi inali pafupi. Panangotsala ngodya imodzi. Imodzi yokha!

Koma pangodyapo panali mkulu wina wa mawu aakulu. Ankagulitsa timagetsi. Anatikoleka m'khosi. Anatikulunga m'mikono. Timagetsito tinkathwanima. Tinkayimbanso nyimbo.

Bambo anaima. Ulendo uno anaima zenizeni. Timba anakoka. Anakokanso. Bambo osasuntha.

"Timba," anatero Bambo motsitsa mawu, "timagetsi toyimba."

"Lero lokha, bwana!" anakuwa wa timagetsi. "Mtengo ndatsitsa! Mawa kulibe! Anzanu onse agula!"

Mtima wa Bambo unali dyokodyoko. Anamasula pini. Anatulutsa envelopu.

"Tingotapako pang'ono," anatero Bambo. "Pang'ono chabe. Mayi wa magalasi amvetsa."

Aa, apa ndiye zinamukwana Timba! Anataya dzanja la Bambo. Anakhala pansi, pamsewu pomwepo. Anapinda manja.

"Timba, dzuka. Anthu akukuona."

"Andione! Ine sindikuwaona!"

Bambo anayang'ana envelopu ili m'manja mwawo.

"Inu mukuona zonse," anatero Timba. "Mwaona mabaluni. Mwaona zipewa. Mwaona timagetsi. Ine ndikungoona mbuu. Ndatopa ndi mbuu! Ndatopa kulakwa masamu! Ndatopa kupepesa zidole!"

Misozi inatuluka. Timba sankafuna kulira. Koma inatuluka yokha.

Bambo anachita manyazi. Anakanda m'mutu. Kenako anagwada pafupi naye. Anamupukuta misozi ndi chala.

"Pepa, mwanangu," anatero Bambo. "Ndalakwa. Eko envelopu. Usunge ndiwe. Dzanja langali silimva."

Timba analandira envelopu. Anaigwira zolimba. Anadzuka. Anasasa fumbi.

"Tithamange, Bambo!"

Anathamanga. Bambo ankaona njira. Timba ankasunga envelopu. Anakhota pangodya. Anafika ali wefuwefu.

Mayi wa magalasi anali pakhomo. Makiyi anali kale m'manja.

"Dikirani! Dikirani!" anakuwa Timba.

"Iii, mwatsala pang'ono kundiphonya," anatero mayiyo. "Lowani msanga."

Mayiyo anatsegula kabati. Anatulutsa kabokosi. M'kabokosimo munali magalasi. Anali aang'ono, a miyendo yobiriwira.

"Tayesa kaye, mwanangu," anatero mayiyo. "Yang'ana panja."

Timba anavala. Anatembenuka. Anayang'ana panja.

Ha!

Mbuu uja anapita kuti? Zonse zinali ngwee! Mtengo unali ndi masamba. Tsamba lililonse palokha! Pa waya panali mbalame. Anthu anali ndi nkhope. Nkhope zinali ndi maso.

Ndipo pakhomo penipeni panaima munthu. Anali wa timagetsi uja. Kani anawalondola! Anthu ena satopa, abale.

Timba anaona timagetsi tija. Anationa koyamba. Tina tinali tofiira. Tina tinali tachikasu. Tina tinali tobiriwira. Kalikonse kanali ngati kaduwa. Tinkathwanima phethiphethi. Tinkathamangitsana pa chingwe. Tinkayimba.

Timba anayasama.

"Bambo," ananong'ona, "kodi ndi tokongola chonchi?"

"Ndimanena zija," anatero Bambo.

"Lero lokha, kamwana!" anakuwa wa timagetsi. "Tangoganiza tili pa bedi pako! Mawa kulibe!"

Tsopano mtima wa Timba unali dyokodyoko. Envelopu inali m'manja mwake. Ndalama zonse zinali momwemo. Palibe amene ankamugwira dzanja.

Timba anayang'ana Bambo. Bambo anayang'ana kudenga.

Timba anayang'ana mayi wa magalasi. "Mayi, nditatapako pang'ono?"

Mayiyo anapukusa mutu. "Ayi, mwanangu. Zikapanda kukwana, magalasi atsala. Udzawapeza ndikadzatsegula." Anagwedeza makiyi. "Sankha msanga. Ndikutseka."

Aa, koma zinthu zake! Bwanji osakhala zonse ziwiri? Timba anapondaponda pansi. Anadzikwiyira yekha. Tsiku lonse wakhala akukalipira Bambo. Tsopano taonani!

Timagetsi tinapitiriza kuyimba. Timba anaganiza. Masabata atatu si ambiri. Mwina angapirire. Mwina.

Anavula magalasi kuti abweze.

Timagetsi tonse tinasowa. Timaluwa tija tinasowa. Panangotsala mbuu.

Timba anavalanso. Timagetsi tinabwerera.

Anavula. Mbuu.

Anavala. Ngwee.

"Aaa!" anakuwa Timba. "Ndikagula timagetsi, ndizitiona ndi chiyani?"

Sanadikirenso. Anaika envelopu patebulo. Anaikankhira kwa mayi wa magalasi.

"Landirani, mayi. Landirani msanga, ndisanasinthe maganizo!"

Mayiyo anaseka. Bambo anaseka. Wa timagetsi sanaseke.

"Ndiye simugula?" anafunsa.

"Ayi, zikomo," anatero Timba. "Koma ndi tokongola kwambiri."

Wa timagetsi anang'ung'udza. Anatembenuka. Anayamba kulondola anthu ena.

Mayi wa magalasi anapatsa Timba kabokosi kaja. Anamupatsanso kansalu kopukutira. Kenako anatseka shopu.

Ulendo wobwerera unali wautali. Koma wochedwetsa sanali Bambo. Anali Timba!

Ankawerenga chikwangwani chilichonse. Ankawerenga mokweza. Ankawerenga manambala a magalimoto. Ankaima pa shopu iliyonse. Anaona baluni lija. Linalidi ngati nsomba. Anaona chidole chija cha diresi. Chinalibe n'komwe maso!

"Mugula?" ankafunsa ogulitsa.

"Ayi, zikomo," ankayankha Timba.

"Ayi, zikomo," ankayankha Bambo. Mawu awo ankatuluka movutikira. Koma ankatuluka.

"Timba, tiye," anadandaula Bambo. "Miyendo yanga yatha. Njala yandipha."

"Dikirani, Bambo. Sindinamalize chikwangwani icho."

"Mwana iwe! Tifika mawa kunyumba?"

Potsiriza anakhota mumsewu wa kwawo. Nyumba yawo inali kumapeto. Inali patali ndithu.

Timba anaima.

"Bambo, Amayi ali pageti."

"Wawaona uli pano?"

"Ee. Chipeso chili m'tsitsi mwawo. Manja agwira m'chiuno. Akuyang'ana manja anu."

"Manja anga?"

"Akufuna aone ngati mwanyamula majumbo."

Bambo anakweza manja onse awiri m'mwamba. Anawatembenuza uku ndi uku. Munalibe kanthu. Ngakhale baluni limodzi.

"Akuseka!" anakuwa Timba. "Bambo, Amayi akuseka!"

Kenako Amayi anakweza dzanja. Anatambasula zala.

"Timba!" anaitana Amayi. "Zala zingati?"

Timba sanatsinzine diso. Sanapendeketse mutu.

"Zitatu!"

Amayi anasintha. "Nanga izi?"

"Zisanu!"

Amayi anagwira pakamwa. Kenako anayamba kuthamanga. Anasiya geti losatseka. Anasiya munthu pakhonde, tsitsi loluka theka.

Timba nayenso anathamanga. Dzanja limodzi linagwira magalasi kuti asagwe. Anakumana pakati pa msewu. Amayi anamunyamula. Anamukumbatira zolimba.

"Amayi, pang'onopang'ono!" anatero Timba. "Muswa magalasi anga!"