Nkhope M'nsalu Yopanda Ulusi

Dzuwa litangolowa, Maso anakhala pakhomo n'kumapukuta mwana wake ndi tizidutswa toyera ta ku fakitale, tofewa ngati thonje. Atamaliza anapita kuseri kukataya m'chitini monga mwa masiku onse. Anavundukula, n'kupeza muli mbee. Za dzulo munalibe, za dzana munalibe.

"Alamu, mwakhuthula ndinu chitinichi?"

"Ine? Ukhondo ndiuyambe lero?" anayankha mlamu wake ali m'nyumba. "Kapena ndi agalu."

"Galu wake uti wovundukula n'kuvundikiranso?"

Pakhomo paja mwanayo anatsokomola kamodzi, kachifuwa kouma ngati ka munthu wamkulu.

Mudzi wonsewo unkadya za fakitale. Kumeneko ankapanga nsalu yosaluka. Makina ankamwaza ubweya wa pulasitiki n'kuupsinja ndi kutentha mpaka ugwirane, popanda ulusi ngakhale umodzi. Nsaluyo ndiyo inkasanduka matewera, zopukutira ndi zosefera fumbi. Ntchito ya Maso inali kuyang'ana basi. Nsalu inkadutsa pamwamba pa galasi lowala, iye n'kumafufuza zibowo ndi madontho, ndipo dzina lakelo linachokera pamenepo.

Makina ankayepula nsaluyo m'mbali. Zoyepulazo zina ankazibwezera m'kamwa mwa makina kuti zigayidwenso, zina mayi kapitawo ankagawira amayi a makanda.

"Tengani, ana anga," ankatero akumwetulira. "Khanda silifuna nsanza zokhakhala."

Chaka chimenecho makanda awiri anali ataikidwa kale. Onse anayamba ndi kachifuwa kouma, kenako mpweya n'kumachepa, kuchipatala osapeza kanthu. Amene analowa m'nyumba za maliro ankati munkanunkha pulasitiki wopserera. Ena ankati ndi madzi a pachitsime, ena fumbi. Okonza makina ankanong'onezana kuti akazimitsa injini amamva khanda likutsokomola m'kati mwa zitsulo.

Maso anali ndi chake chimene sanauze munthu. Kawiri konse anaona kankhope kakudutsa pagalasi, kotuwa ngati banga la madzi, maso otseka. Kawiri konse anaitana mayi kapitawo, ndipo iwo anabwera ndi lumo, n'kudula pamalopo.

"Ndi mafuta a makina awa. Ndikayeza ndekha. Iwe uziyang'ana zibowo."

M'mawa mwake, atapeza chitini chili mbee chija, Maso anaima pagalasi. Nthawi ya tiyi isanakwane, kankhope kachitatu kanabwera. Pansi pa diso lamanzere panali kadontho kakuda, komwe iye ankakapsompsona pankhope ya mwana wake tsiku lililonse. Sanaitane munthu, koma mayi kapitawo anali ataima kale kumbuyo kwake, lumo lili m'manja.

Mayiwo anadula kankhopeko, ndipo ulendo uno Maso anawatsatira ndi maso. Sanapite kokayeza. Anakhota kuseri kwa mipukutu, anapinda kachidutswako kanayi, n'kukalowetsa m'kati mwa masiki yawo yotchinga pakamwa ndi pamphuno. Anakoka mpweya wautali, mapewa n'kuwongoka. Apo m'pamene Maso anakumbukira. M'fakitalemo aliyense ankatsokomola, ngakhale amene analowa ntchito chaka chatha. Mayi kapitawo anali atapuma fumbi limenelo zaka makumi atatu, koma palibe anawamvapo akutsokomola. Maso anazindikiranso kuti zopukutira zosowa m'chitini zija zinkabwerera m'kamwa mwa makina, zitanyamula mpweya wa mwana.

Madzulo anapeza mwana akupuma ngati kamwanapiye.

"Tithawe," anatero mlamu wake atamva zonse. "Basi yoyamba, tipite kwa amayi."

"Tithawe ndi chiyani? Mpweya wake uli pamphuno pa mayi uja. Tinyamule thupi lokha?"

"Ndiye tikanene."

"Kwa ndani? Amene amalemba anthu ntchito ndi iwo omwe. Aliyense muno anadyapo chifundo chawo."

"Iwe, akupha."

"Ayambe apeza mpata. Ine ndimalipidwa chifukwa choyang'ana, alamu. Ndawayang'ana mokwanira."

Panali chizolowezi chimodzi chimene anachiona. Mayi kapitawo akadutsa pafupi ndi ng'anjo yopsinjira nsalu, ankatola kachidutswa, n'kupukuta thukuta kumaso ndi m'khosi, n'kuponya m'dengu. Tsiku lotsatira Maso anatola kachidutswa koteroko kakadali konyowa, n'kukabisa m'kamisolo. Kunyumba anakapaka mafuta a mwana ndi paudala mpaka kananunkhira ukhanda. Anakaika kokhakokha m'chitini, n'kuvundikira. Kutacha, chitini chinali mbee.

Anadikira pagalasi mpaka masana. Kenako nkhope inabwera. Sinali nkhope ya khanda. Inali yaikulu, yamakwinya, masaya olowa m'kati, kukamwa kuli yasa ngati munthu womira. Maso anamenya batani lofiira, lomwe lamulo linkati wolikhudza popanda ngozi achotsedwe ntchito. Makina analira n'kuima. Anthu anathamangira kugalasi.

"Wazimitsa ndani?" Mayi kapitawo ankabwera akukankha anthu, lumo lili m'manja. "Iwe mtsikana, wapenga?"

"Bwerani muyeze, mayi. Mafuta a makina aja abweranso."

Anthu anayang'ana pagalasi, n'kuyang'ana mayiyo. Mayi wina, amene anaika mwana wake miyezi iwiri yapitayo, anagwira pakamwa.

"Ndi iwowa," anatero motsitsa. "Mayo ine, ndi iwowa."

Mayi kapitawo anatambasula dzanja kuti adule, koma Maso anawagwira pamkono n'kulanda lumo. Ndi dzanja linalo anakoka masiki mpaka zingwe zinaduka. Munagwa tizidutswa titatu. Tiwiri tinali touma, tachikasu. Kachitatu kanali kofunda, ndipo kankakwera n'kutsika pang'onopang'ono.

"Bweza," anatero mayiyo, mawu akusasa. "Mwana wanga, bweza. Ndinakulemba ntchito ndine."

"Munandilemba kuti ndiziona. Ndaona."

Pamenepo mayi kapitawo anatsokomola. Chinali chifuwa cha zaka makumi atatu chotuluka tsiku limodzi. M'kamwa munkatuluka ubweya woyera, tsitsi n'kumayera anthu akuona. Anadzandira kupita kuchipata atagwira khoma, ndipo palibe anawagwira dzanja.

Maso anadula yekha nkhope yokalambayo, n'kuipinda. Anathamangira kunyumba osapempha chilolezo. Anaika kachidutswa kofunda kaja pachifuwa pa mwana. Kankhope kanayamba kufufutika mpaka nsalu inayera, ndipo mwanayo analira kulira kwenikweni, kogonthetsa m'khutu. Mlamu wake anakhala pansi n'kuyamba kuseka misozi ikutsika.

Mayi kapitawo sanaonekenso ku fakitale, ndipo nyumba yawo anaipeza yotsegula. Koma masiku ena dzuwa likamalowa, kuseri kwa nyumba ya Maso kumamveka chifuwa chouma, ndi mapazi okwekwereza pafupi ndi chitini. Zopukutira Maso amawotcha tsopano, m'chitinimo mulibe kanthu. Nkhope yokalamba ija amaisunga m'botolo pawindo, bokosi la machesi lili pambali pake.

Akamva chifuwacho salowa m'nyumba. Amamusuntha mwana kumuika pabondo linalo, n'kugwedeza machesi kuti amveke.

"Ndakumvani, mayi," amatero osatembenuka. "Sunthani phazi limodzi lokha."